Kutsata madzi kuchokera ku Chawe mpaka kunyanja ya Chilwa

Lolemba, pamwamba pa phiri la Zomba

Ulendowu wayambira kumtunda chifukwa madzi nawonso amayambira komweko. Ndikufuna kutsika nawo pang'onopang'ono mpaka kunyanja ya Chilwa, n'kumaona chimene chili lero pamalo amene kale panali nkhalango, dambo kapena bango. Ndi mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ino ndiyo nthawi yabwino yoonera nthaka popeza palibe chimanga kapena udzu woibisa.

Msewu wokwera ku Chawe ndi watala koma wokhotakhota. Wanjinga yamoto anafuna K6,000, tinagwirizana K5,000. M'mawa msewuwu ndi wa anthu otsika: amayi osenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, ndi anyamata olimbana ndi mabuleki a njinga zosanjikizidwa zipika mpaka chishalo osaoneka.

Nkhalango ya phirili ndi yotetezedwa ndi lamulo kuyambira 1913, ndipo mbali yaikulu ya pamwamba ndi paini wochita kubzala. Kudula paini wokhwima si mlandu, anamubzalira zomwezo. Nkhani ili pa zaka zapakati, kuchokera tsiku lodula kufikira pamene mitengo yatsopano yaphimbanso nthaka. Mbande zimabzalidwa mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena Januwale, motalikirana mamita 3 mbali zonse, ndiye kuti mitengo pafupifupi 1,100 pa hekitala. Kubzalako n'kosavuta. Chovuta n'chakuti mbande imafuna kupaliridwa kawiri pachaka kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo njira zotchingira moto ziyenera kulambulidwa udzu usanaumiretu, chakumapeto kwa Meyi kapena mu Juni. Zikachedwa, moto umodzi wa mu Seputembala umafafaniza ntchito ya zaka zitatu. Lero ndadutsa malo otere: zitsa zakuda, phulusa lofika m'kakolo, timitengo tofika m'bondo titauma chiimire.

Malo osachedwa kuonongeka kuno ndi magwero a mitsinje. Pa kamtsinje kena kolowa mu Mulunguzi, pomwe mitengo yachilengedwe idakalipo, ndinapisa dzanja pansi pa masamba ofota. Nthaka yake ndi yakuda, yofewa, yozizira ndi chinyontho, mu Okutobala momwe muno. Mamita 50 okha kuchokera pamenepo, pamalo opsa, nthaka ndi youma gwa, chala sichilowa. Mvula ya mamilimita 30, yomwe imatha kugwa mu ola limodzi, imathira malita 300,000 pa hekitala imodzi. Pansi pa masamba paja madziwo amalowa n'kumatuluka pang'onopang'ono m'kasupe mpaka Novembala. Pamalo opsa amathamanga tsiku lomwelo atanyamula phulusa ndi dothi. Damu la Mulunguzi, lomwe limamwetsa mzinda wa Zomba, limadalira kusiyana kumeneku, ndipo Mulunguziyo akatsika amakathira mu Likangala, wolowera ku Chilwa.

Kwazizira madzulo ano ngakhale ndi chilimwe. Miyendo ikuwawa, koma kutsika sikunayambe n'komwe.

Lachiwiri, chigwa cha Domasi

Minibasi ya ku Liwonde inatenga ola lathunthu kuti idzaze. Ndinatsika pa Domasi n'kuyamba wapansi kulowera m'chigwa cholekanitsa phiri la Zomba ndi la Malosa. Minda yakwera mpaka kukagunda malire a nkhalango, ndipo m'malo ena yawadumpha.

Chifukwa chake sichobisika. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 747,000 m'boma la Zomba kupatula mzinda, 735,000 ku Machinga ndi 429,000 ku Phalombe, maboma atatu ozungulira nyanjayi. Kuno n'kwa chikamwini, munda umatsata mwana wamkazi. Umene agogo ankalima okha unagawidwa kwa ana anayi, ndipo aliyense wa anayiwo tsopano ali ndi akeake ofuna pogwira khasu. Kugoneka munda kunatha kalekale. Bambo wina amene ndinamupeza akugalauza pamalo otsetsereka kwambiri anandimvetsera bwinobwino, kenako anati, "Achimwene, mukunenazo ndi zoona. Koma mundilozere pena poti ndilime, mawa lomwe ndichokapo." Ndinalibe pomulozera. Choncho tinakambirana za munda womwewo.

Choyamba n'kudziwa kutsetsereka kwake. Pamafunika ndodo ziwiri zowongoka zokhala ndi chizindikiro pa msinkhu wofanana, chingwe, ndi kalevulo kakang'ono kopachika pakati pa chingwecho. Ndi chingwe cha mamita 10, mmodzi aime kumtunda, wina kumunsi, wakumunsiyo akweze chingwe pandodo yake mpaka kathovu ka levulo kakhale pakati. Akakweza masentimita 50, kutsetsereka ndi 5 peresenti. Akakweza mita imodzi, ndi 10. Wa bamboyu unakwana 18.

Chachiwiri ndi akalozera, mizere ikuluikulu yopingasa malo otsetsereka imene mizere ina yonse imatsatira. Apa chingwe chikhale cha mamita 5, chomangidwa pa zizindikiro zija. Muyambire pamwamba pa munda, osati pansi, chifukwa mzere wapansi sungapirire madzi ochokera kumtunda kosakonza. Ndodo yakutsogolo iyendeyende chokwera kapena chotsika mpaka kathovu kaime pakati, pamenepo mukhome chikhomo, n'kusunthira mtsogolo. Mukamaliza mzere wonse, wongolani pang'ono zikhomo zimene zakhota mopitirira. Pamalo otsetsereka pang'ono akalozera angatalikirane mamita 20, pamalo ngati awa asapitirire 10. Mizere ina yonse iwongoledwe motsatira kalozera, motalikirana masentimita 75, ndipo m'makwawa ake muikemo ngonyeka, timizere topingasa togwira madzi, mamita awiri kapena atatu alionse. Ngonyeka ikhale yaifupi kuposa mzere, kuti madzi akachuluka adumphire m'bokosi lina m'malo mong'amba mzere.

Vetiva, udzu wa mizu yozama womanga dothi, amabzalidwa kumtunda kwa kalozera mvula ikakhazikika. Dulani masamba kutsale masentimita 15 mpaka 20, mizu kutsale 10, ndipo pa phando muike timapesi titatu, mapando motalikirana masentimita 10. Mzere wa mamita 100 umadya mapando 1,000, n'chifukwa chake mudzi wopanda nazale yake ya vetiva umangolankhula za vetiva osamubzala. Ambiri amatalikitsa mapando kuti mbewu ikwane, ndipo apo ndi pamene pamalakwika. Mpanda wa vetiva wokhala ndi mipata ndi woipa kuposa kusakhala ndi mpanda, chifukwa umasonkhanitsa madzi onse n'kuwatulutsira pakhomo limodzi, ndipo chigwembe chimabadwira pamenepo. Kulakwa kwina ndi levulo yonama. Musanayambe, yesani pamalo amodzi, kenako ndodo zisinthane malo. Kathovu kakasuntha, zizindikiro zanu sizikufanana. Kwinanso ndi tinjira ta m'malire. Anthu amakonza minda mbali zonse ziwiri n'kusiya njira yapakati ili yolowa pansi, ndiye mvula ikagwa njirayo imasanduka mtsinje. Iyenera kukwezedwa kuposa mizere.

Kafukufuku wa dziko lonse anaonetsa kuti mu 2014 Malawi ankataya matani pafupifupi 29 a dothi pa hekitala pachaka. Amenewo ndi matumba 580 a makilogalamu 50, koma mukawayala pa hekitala ndi mamilimita awiri okha, ndiye mwini munda saona kanthu chaka ndi chaka. Chimene amaona ndi zizindikiro zochedwa: mizu ya mango ili pamtunda, timiyala titakhala pa timizati ta dothi ngati bowa, katondo wofiira pomwe panali dothi lakuda, kaufiti atadzaza m'chimanga, feteleza yemweyo koma matumba ochepa.

Mkazi wa bamboyo anabweretsa chinangwa chophika ndi thobwa m'chigubu. Ndinafuna kusiya kangachepe, anakana. "Mlendo salipira madzi, bambo."

Lachitatu, kutsika ndi Likangala

Ndinanyamuka m'tauni kudutsa Matawale, nthawi zina pamsewu, nthawi zina m'mphepete mwa mtsinje. Likangala akangotuluka m'tauni amayamba kugwira ntchito zitatu nthawi imodzi: kupereka mchenga, kupereka dothi la njerwa, ndi kuthirira madimba.

Za mchenga anthu amaziona mopepuka. Koma mukakumba pansi pa mtsinje, mtsinjewo umalowa pansi, ndipo madzi a m'nthaka ya m'mbali mwake amautsatira. Zitsime za m'madimba zimene zinkapeza madzi pa mita imodzi zimayamba kufuna mamita awiri kapena atatu. Gombe nalo limatsala lopanda mwendo, ndipo mvula yoyamba limagumuka pamodzi ndi dimba lili pamwamba pake. Njerwa zimadya kawiri: zimachotsa dothi lapamwamba lomwe ndilo lachonde, kenako uvuni umafuna mitengo ikuluikulu yaiwisi. Ndinawerenga mauvuni asanu ndi awiri pamtunda wosakwana kilomita imodzi, ndipo pafupi ndi uliwonse panali zipika za mango. Mango akayamba kulowa mu uvuni, ndiye kuti mitengo ina inatha.

Madimba ndiye ovuta kuwaweruza. Tomato, mpiru, anyezi ndi chimanga chachiwisi cha m'chilimwe ndi zimene zimalipira fizi ndi kugula feteleza wa kumunda. Kale dimba linkathera pomwe munthu wothirira ndi kheni watopera. Mapampu opalasa, kenako a injini ndi a sola, anachotsa malire amenewo. Lero khasu limafika pakamwa penipeni pa madzi, bango linadulidwa, ndipo nthaka yogalauzidwa mu Okutobala imakhala ikungodikira madzi osefukira a Januwale.

Kuuza munthu kuti achoke m'mbali mwa mtsinje osamupatsa kanthu sikugwira. Amachoka alangizi akadalipo, akapita amabwerera. Chimene ndaona chikugwira ndi lamba wa zomera m'mbali mwa mtsinje wodyetsa mwini wake. Pa timitsinje ting'onoting'ono ndinganene mamita 10 kuchokera pagombe, pa mtsinje ngati Likangala kuposa apo. Pafupi ndi madzi pakhale bango, nsenjere kapena vetiva, zomwe zimagona madzi akadutsa n'kudzukanso. Pakati pakhale nsungwi, mkuyu ndi mbawa, za mizu yomanga gombe. Mbali ya kumunda nthochi ndi zipatso. Nsenjere ndi chakudya cha mbuzi, nsungwi ndi malichero, madengu ndi denga, nthochi ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi. Bulugamu asayandikire kasupe kapena kamtsinje kakang'ono, amamwa kwambiri. Zimene zimapha ntchitoyi n'zodziwika: mbande za mitengo zobzalidwa m'munsi mwa gombe zimapita ndi madzi oyamba, zobzalidwa pamwamba zimadyedwa ndi mbuzi zikamasulidwa pambuyo pokolola, ndipo mitengo yobzalidwa tsiku la mwambo popanda kunena kuti ndi ya yani imafa yonse.

Chakumasana ndinafika pa sikimu ya mpunga ya Likangala. Iyi ndi ya Domasi zinamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1970, mothandizana ndi akatswiri ochokera ku Taiwan, ndipo masiku ano zimayendetsedwa ndi mabungwe a alimi eni ake. Apa ndi pamene dothi lochoka kumtunda limaonekera ndi maso. Ndinabaya ndodo mu ngalande ina yomwe alimi anali asanaifukule: inalowa masentimita 40 mumchenga isanagunde pansi. Ngalande yokwiririka chotere imanyamula madzi ochepa, ndipo wovutika ndi mlimi wa kumapeto. Mchengawo ukalowa m'mapuloti umawakweza mosafanana, kwina madzi n'kumiza mbande, kwina n'kuuma, pamene mpunga umafuna madzi ofanana a masentimita 5 mpaka 10. M'chilimwe mtsinje umafika wowonda chifukwa mapampu a kumtunda amwako kale, choncho amalima mbali imodzi yokha ya sikimu. Amene ali ndi botolo loonekera mkati angachite izi mvula yoyamba: atunge lita imodzi pakati pa mtsinje, ikhale usiku wonse, m'mawa ayeze matope akhala pansi. Akachita chimodzimodzi pamwamba ndi pamunsi pa mudzi uliwonse, adzadziwa gawo la mtsinje limene likutaya dothi kwambiri popanda kufunsa aliyense.

Pa Govala ndinadya mpunga ndi matemba othira tomato, K2,500. Fumbi la msewu wa ku Kachulu lalowa mpaka m'mano.

Lachinayi, Kachulu ndi m'njedza

Bwato lopita kuchilumba cha Chisi silinyamuka ndi wotchi, limanyamuka likadzaza. Ndinadikira kuyambira 7 koloko mpaka chakuma 10, pakati pa madengu a matemba ndi matumba a ufa. Mayi wina wogulitsa tiyi anandisunthira benchi pamthunzi osanena kanthu.

Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi, koma ilibe mtsinje wotulukamo. Madzi amalowa ndi Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe, Sombani, ndi Mnembo wochokera ku Mozambique, ndipo amatuluka njira imodzi yokha, kuuma ndi dzuwa, kuposa mita imodzi ndi theka pachaka. Nyanja yake ndi yosaya. Wopalasa wathu ankagunda pansi ndi nsungwi pafupifupi ulendo wonse. Chilichonse chimene mitsinje yabweretsa, dothi, mchere, zotsalira za feteleza, chimakhala momwemo. Mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana nyanja imaphwa, monga inachitira mu 1968, mu 1995, ndiponso mbali yaikulu mu 2018. Kuphwako si kwachilendo, nyanjayi inazolowera kupita n'kubwera. Chachilendo ndi chimene imapeza ikabwera.

Nyanjayi yazunguliridwa ndi njedza, ndipo kuseri kwa njedza kuli madambo a udzu amene amamira m'dzinja. Lamba ameneyu ndiye mtima wa Chilwa. Amasefa matope a mitsinje asanalowe pakati, ndipo matemba, makumba ndi milamba zimaswana m'menemo ndi m'matsiriro a mitsinje madzi akayamba kukwera. M'zaka zabwino nyanjayi inkapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno. Mbalame za m'madzi zilipo za mitundu yoposa 150, zina zochokera kutali kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo n'chifukwa chake Chilwa ndiye malo oyamba amene Malawi analembetsa pansi pa pangano la mayiko loteteza madambo la Ramsar, ndipo mu 2006 UNESCO inawaika m'gulu la malo osungirako zamoyo.

Kusintha kwa malo kuno kumayenda ndi madzi. Nyanja ikabwerera m'mbuyo, anthu amatentha njedza n'kutsegula minda ya mpunga pamatope achonde. Chaka choyamba Faya ndi Kilombero amabereka modabwitsa popanda feteleza, ndipo mbiri imafika kumidzi ya kumtunda. Chaka chachiwiri amabwera ambiri, amamanga timizere tosunga madzi, ena amapatutsa kamtsinje. Nyanja ikadzazanso, monga inachitira mwamphamvu pambuyo pa mvula ya 2023, minda imamira ndipo eni ake amataya zonse. Koma njedza yotenthedwa n'kuzulidwa mizu sibwerera msanga ngati madziwo. Nsomba zimapeza poswanira pachepa, ndipo matope amalowa osasefedwa.

Msodzi wina wachikulire m'bwatomo anafotokoza za 1995 mwakachetechete. Anati chimene chinapulumutsa nsomba ndi maiwe otsala m'mitsinje, ndipo mafumu ndi asodzi anagwirizana kuletsa kuthiramo katupe, mankhwala ophera nsomba, kuti mbewu ya nsomba isathe. Kuyambira nthawi imeneyo makomiti a m'madoko akhala ndi mawu pa kasamalidwe ka nyanja, kuphatikizapo kutseka makoka m'miyezi yoswana kuyambira Disembala. Ndikaganiza za mchenga uja wa m'ngalande dzulo, nkhawa yanga ili pa maiwe amenewa. Dziwe lokwiririka silisunga nsomba m'chaka cha chilala, ndipo palibe komiti ya padoko ingaletse dothi lochokera ku Domasi.

Tinadutsa pafupi ndi zimbowera, tinyumba ta asodzi tomangidwa pa njedza yoyandama, utsi wowamba milamba ukutuluka m'denga. Kuwamba kumadya nkhuni, ndipo mapiri a Chisi akuonetsa. Pakati pa 2010 ndi 2017 pulogalamu yothandizidwa ndi dziko la Norway inafalitsa matenti oumitsira matemba ndi dzuwa komanso mauvuni osunga nkhuni; kumene amasamalidwa, nsomba zimatuluka zoyera zopanda mchenga ndipo zimagulidwa bwino. Pulasitiki yake ikang'ambika osasinthidwa, tenti imasanduka khola la mbuzi.

Pobwerera mphepo inadzuka, madzi a matope akumenya m'bwato. Ndinachita mantha, sindibisa, ngakhale ndikudziwa kuti pena ndikanatha kuima.

Lachisanu, Jali mpaka Phalombe

Tsiku la msewu. Galimoto yathu inaphulika tayala titangodutsa Jali, ndipo tinakhala maola awiri pansi pa msangu wopanda mnzake pakati pa minda. Msangu ndi mtengo wosalimbana ndi chimanga, umayoyola masamba m'dzinja n'kuphuka m'chilimwe, ndipo pansi pake mapesi a chaka chatha anali onenepa kuposa ena onse. Kuti watsala umodzi m'chigwa chonsechi zinandiwawa.

Chigwa cha Phalombe ndi cha makande, dothi lakuda long'ambika m'chilimwe mpaka dzanja kulowa. Madambo amene anali odyetserako ng'ombe ambiri tsopano ndi mpunga, mapira, nandolo ndi mpendadzuwa. Ng'ombe zapanikizidwa m'timipata totsala, zimadutsa njira imodzimodzi popita kumadzi, ndipo njirazo ndizo zayamba zigwembe. Dambo likakumbidwa ngalande pakati kuti liume msanga, limasiya kusunga madzi; ngalandeyo imazama chaka ndi chaka n'kukoka chinyontho cha mbali zonse ziwiri.

Madzulo, pamene netiweki inalola, ndinayerekeza zithunzi zakale ndi zatsopano za malo ndadutsawa pa Google Earth. Zithunzi za masatelayiti a Landsat zinayamba mu 1972 ndipo ndi zaulere kuyambira 2008. Chenjezo limodzi: yerekezani mwezi womwewo. Chithunzi cha Malichi pambali pa cha Okutobala chimanamiza kuti nkhalango yatha pamene yangoyoyola masamba, ndipo munda wa nandolo kapena bulugamu umaoneka wobiriwira ngati nkhalango yachilengedwe. Osapondapo ndi phazi, osakhulupirira.

Loweruka, m'tsinde mwa Michesi

Miyala ikuluikulu ngati nyumba ili mbwee m'minda, kutali ndi phiri. Ina inatsika mu Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zinasesa Phalombe n'kupha anthu mazanamazana. Ina ndi ya namondwe Freddy, mu Malichi 2023. Anthu kuno amati kunadutsa Napolo, monganso amanenera ku Zomba za Disembala 1946. Tinene zoona: mvula yochuluka chotero imagumula phiri ngakhale lili ndi mitengo. Chimene chasintha n'chakuti nyumba ndi minda tsopano zili pakamwa pa makhwawa, pamilu ya miyala yomwe madzi akale anasiya. Miyalayo ndiyo chizindikiro. Madzi saiwala khwawa, ndipo pomwe pali mwala wobulungira pakati pa munda, madzi anafikapo.

Chokwera pang'ono ndinapeza gulu la m'mudzi likutseka chigwembe chozama kupitirira msinkhu wa munthu. Agogo ena aamuna ndiwo ankatsogolera, ndipo ntchito yawo inali yolondola. Anayambira kumutu, kumene madzi amalowera, chifukwa chigwembe chimakula chobwerera kumtunda. Mpanda uliwonse wa miyala sunapitirire theka la mita, unalowetsedwa m'makoma onse awiri ndi pansi masentimita pafupifupi 30, ndipo pakati pake panali potsika kuposa m'mbali kuti madzi adumphire pamenepo. Kumunsi kwake anayala miyala yophwatalala, kuti madzi ogwa asakumbe tsinde. Mipanda inatalikirana mwakuti pamwamba pa wakumunsi pafanane ndi tsinde la wakumtunda. Mipanda yambiri imene ndaona itagwa inagwa pa zifukwa zitatu zokha: kutalika mopitirira, kusalowa m'makoma kotero madzi anazungulira m'mbali, ndi kusowa potsika pakati. Dothi likadzaza kuseri kwa mpanda abzalepo vetiva, nsenjere kapena nthochi chaka chomwecho, chifukwa miyala imangogwirizira, yomanga ndi mizu.

Pamwamba pa mudziwo pali nkhalango yawo yaing'ono, yomwe sanabzalemo mtengo ndi umodzi womwe. Anangoleka kutentha, n'kumasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka pa chitsa chilichonse, zina n'kudulira nkhuni. Chitsa chili kale ndi mizu yozama, choncho mphukira zake zimapirira chilala chimene chimapha mbande za m'machubu. Patatha zaka zochepa munthu akulowamo mumthunzi. Mdani wake ndi makala. Uvuni wadothi umadya makilogalamu 7 mpaka 10 a mtengo kuti utulutse kilogalamu imodzi, ndipo ngakhale lamulo la zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, matumba amatsikabe usiku chifukwa ogula m'tauni alipo.

"Mwanawanga, miyalayi tiika," anatero agogowo akupukuta thukuta ndi chipewa, "koma madziwa akuchokera m'munda wa munthu wina."

Anandilozera. Mutu wa chigwembecho uli m'munda wa banja lomwe linasamukira ku Blantyre n'kubwereketsa malowo. Wobwereka amalima mizere yotsika ndi phiri, ndipo sakufuna kukonza akalozera pamunda umene chaka chamawa ungakhale wa wina. Amfumu aitanitsa mbali zonse Lachitatu likubwerali. Mitambo yayamba kale kusonkhana pamwamba pa Mulanje madzulo aliwonse, ndipo pa mipanda 14 imene chigwembecho chikufuna, yomalizidwa ndi 5.